Tsiku lomwe ndinadyetsa khamu ku Bangula

Kwaya yathu ya ku Nchalo kuno si ya mpingo umodzi ayi, aliyense amene ali ndi kukhosi komanso kandalama ka mwezi ndi mwezi amalowa. Muli odula nzimbe, aphunzitsi, mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa depoti, anyamata a kabaza, ndi ine wosoka nsapato amene ndimaimba besi mzere wakumbuyo. Dzina langa lenileni ku kwayako anaiwala kalekale, onse amangoti a Besi.

Mavuto athu anayamba ndi namondwe Freddy. Mu Malichi 2023 madzi analowa m'nyumba ya a msungichuma momwe tinkasunga katundu, kiyibodi inamwa madzi mpaka kukhuta, mayunifomu athu oyera aja anasanduka a mtundu wa Shire nthawi ya dzinja. Ndiye chaka chonse chinathera kusaka ndalama, kuimba m'maukwati, m'mazinkhoswe, m'maliro (uku sitilipiritsa koma nsima timadya ndithu), ndipo titangoti tsopano yakwana, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, telala wathu anagona ndi mtengo wina nkudzuka ndi wina. A Kwayamasita anati musadandaule, anakwera minibasi kukwera Thabwa kupita ku Limbe pa kaunjika, anabwerako ndi chimtolo cha magauni. Amaluni. Okhuthala. A layini mkati. Kaya anachokera ku tchalitchi cha dziko liti lozizira, koma amene anawasoka sanamvepo za Chikwawa, izo zokha ndingalumbire.

Tinawayesa pa pulakatisi ya Lachiwiri, mayi wa zitumbuwa anati "A Kwayamasita, tiziimba kapena tiziphikidwa?" Iwo anangoti ulemerero uli ndi mtengo wake, tiyeni pa do.

Kenako kalata inabwera yoti kuli mpikisano wa makwaya ku Bangula mu Okutobala. Inu amene muli kumtunda ku Mzuzu kapena ku Dedza mukamva Okutobala mumangoganiza kutentha kwa kuvula juzi. Kuno Okutobala ndi mwezi woti anthu a zanyengo akamawerenga pa wailesi amati Ngabu 41, 42, ife nkumati lero kuli bwinoko, mwezi wogona panja pa mphasa udzudzu ukuimba sopulano m'khutu.

Nyimbo yathu ya mpikisano anapeka okha a Kwayamasita, ya nkhani ya pa Yohane 6, mikate 5 ndi nsomba 2 zodyetsa anthu 5,000. Yokoma kwabasi, sindikunama. Imayamba pang'onopang'ono masopulano okha, aalto nkulowa, kenako ife amuna, ndiye chakumapeto imasintha liwiro nkukhala ndi masitepe amene anabwereka ku gule wa utse, mapazi pansi, chiuno uku ndi uku, kudumpha pang'ono. Ndipo pakati pake pali solo ya besi, mawu a Andireya aja, "pali kamnyamata pano kali ndi nsomba ziwiri." Solo imeneyo inali yanga. Kungoyambira pamene ndinalowa kwaya sanandipatsepo solo, ndiye mukhoza kuona mmene ndinkayendera m'tauni masiku amenewo, ngakhale makasitomala ndinkawayankha ndi besi.

Lamulo la ulendo linali limodzi ndipo a tcheya analibwereza mpaka kutopetsa: palibe kugula katundu. Chifukwa chake chinali chomveka, ulendo wina ku Ngabu mayi wina wa alto anagula kamwana ka mbuzi nkukamangirira kuseri kwa holo, kanalira nyimbo yonse, kolondola kiyi kuposa matena athu, majaji anatichotsera mamalikisi. Ndiye ulendo uno anati wopezeka ndi jumbo aliyense alipira faindi ndipo saimba.

Koma a tcheya sagona kwathu. Usiku wa Lachisanu mayi a kunyumba anandiyitanira kuchipinda nkumasula mfundo ya chitenje.

"Abambo, mawa mukupita ku Bangula. Amayi akubwera Lamulungu. Mukagule makakana owamba ndi milamba, kumene kuja ndi kotchipa, musabwere chimanjamanja."

Ndinati mayi, pali lamulo. Iwo anati lamulo la kwaya lidyetsa apongozi anu? Ndipo ndalamayo inali ya banki mkhonde, yobwereka, ya chiwongoladzanja. Ndinalandira.

Tinanyamuka pa lole kusanache, kudutsa Miseu Folo, Ngabu, Sorgin, tikuimba njira yonse mpaka a Kwayamasita anatikalipira kuti tisunge mawu. Pofika ku Bangula dzuwa linali litayamba kale ntchito. Makwaya anali ambiri, ena a ku Nsanje boma, ena a ku Tengani, ena a tsidya lija anawoloka pa bwato kuchokera ku Makhanga nsapato zili m'manja. Pulogalamu inati tiyamba 9 koloko, ndiye mukudziwa, 11 koloko anali akadali kukoka chingwe cha jenereta. Ife tinatola nambala yoimba masana. Ndinauza mnzanga wa besi kuti ndikudzithandiza kaye, ndinazemba ulendo wa kumsika.

Aise, nsomba za ku Bangula musamasewere nazo. Zimachokera mu Elephant Marsh pomwepo, milamba yowamba yakuda bii yonyezimira mafuta, makakana ong'ambidwa pakati atayanikidwa milumilu. Mayi wogulitsa ndinanenerera naye m'Chisena changa chothyokathyoka mpaka anaseka nkundiikira basera. Anakulunga mu nyuzipepala, mtolo wabwino ndithu, ndipo apa m'pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Mu lole sindingasiye, adalaivala ndi mlamu wawo wa a tcheya. Kusungitsa kwa munthu wosamudziwa, ndalama ya banki mkhonde, ayi. Ndiye ndinakumbukira gauni. Gauni lija ndi lalikulu, mungabisemo mwana wa sitandade 1 osaoneka. Ndinagula chitenje chotchipa, ndinalowa kuseri kwa chigayo, ndinagawa nsomba m'mitolo ing'onoing'ono nkuzimanga m'chiuno kuzungulira, gauni pamwamba. Ndinadziyang'ana pa galasi la galimoto ina, ndinangooneka bambo wonenepa bwino, besi yeniyeni.

Mnzanga uja anandiyang'ana pamimba nkunena kuti "Achimwene, mwapita kukadzithandiza mwabwerako mutanenepa?" Ndinati ndi thobwa.

Mu holo munali malata opanda siling'i, mawindo odzaza ndi mitu ya ana, ndiye mpweya unalibe polowera. Tinakhala pa mabenchi kudikira makwaya ena amalize, ndipo kwaya iliyonse anaiuza nyimbo 2 koma imaimba yolowera, ziwirizo, ndi yotulukira yosatha. Thukuta linayamba kuyenderera kumsana nkumatsikira komwe kuli katundu. Nyuzipepala ikanyowa mukuidziwa. Mlamba wowamba ukatenthedwa mu gauni la layini mukhoza kungoganiza. Mayi wa zitumbuwa anayamba kununkhiza m'mwamba, anati kodi akutiphikira ndiwo zanji kuno, koma anthu a ku Bangula amadziwa kulandira alendo. Ine phee, maso pa steji.

Woyamba kundizindikira anali galu. Kagalu kofiira koonda, khutu limodzi lodulidwa, kanalowa pansi pa mabenchi kudutsa anthu onse aja mpaka kudzakhala pa mapazi anga nkumandiyang'ana m'maso mwachikondi. Ndikakankha ndi phazi kamabwerera. Atatiyitana kuti kwaya ya ku Nchalo, tinandanda kulowa ndi sitepe yathu yapang'onopang'ono, kagalu nako pambuyo panga, pa sitepe yomweyo.

Pa steji anyamata a zokuzira mawu anandikoleka maiki yopanda chingwe pa kolala chifukwa cha solo ija. Anandiuza kuti tiyatsa nthawi yanu ikakwana. Bodza, inali yoyatsa kale. Masopulano anayamba bwinobwino, holo yonse zii, majaji atatu akulemba, ndipo ine ndinamva mphuno yozizira ikulowa kunsi kwa gauni. Ndinaweramira pang'ono nkunong'ona kuti "Futseki, choka iwe." Abale, masipika aja anali abwino. Mawu anga a besi anatuluka mbali zonse za holo pa nthawi yomwe masopulano amati khamu linadza kwa Ambuye. A Kwayamasita manja anaima m'malere. Jaji wapakati anavula magalasi. Kumbuyo anyamata anayamba kuseka koma nyimbo inapitirira, poti kwaya yathu tinaphunzitsidwa kuti ngakhale denga ligwe osasiya.

Solo inafika. Ndinatuluka mu mzere masitepe atatu kupita kutsogolo monga tinakonzera, ndinakoka mpweya wonse, mimba inakula, ndipo ndinamva mfundo ya chitenje ikuti phwe. Sinamasuke yonse, inangolekerera. Ndinaimba "pali kamnyamata pano kali ndi nsomba ziwiri", ndipo pa mawu oti ziwiri, kakana mmodzi anatsetsereka pa mwendo nkugwa pa thabwa kuti phaa. Wachiwiri anatsatira.

Holo inaphulika. Amayi nthungululu, ena kuimirira pa mabenchi. Gogo wina wa kutsogolo anakweza manja nkufuula "Takhuta!" Anthu ankaganiza kuti ndi sewero lokonza, eti kwaya ya ku Nchalo yabwera ndi zatsopano. Ine ndikanatha kuima pamenepo zikanathera pa ziwirizo, koma nyimbo inali italowa kale gawo lothamanga, ng'oma yayamba, masitepe a utse aja, ndipo munthu uli kutsogolo kwa kwaya yonse sungangoima ngati mtengo wa magetsi. Ndinayesa kuvina nditapana zigongono m'nthiti. Sizinathandize. Ndikaponda kumanja makakana atatu, ndikaponda kumanzere mlamba, podumpha paja ndiye mtolo wonse ndi zidutswa za nyuzipepala yonyowa. Mawu a nyimbo akuti zinachuluka, zinachuluka, nsomba nazo zikuchulukadi pa steji. Ana a m'mawindo aja analowa sindikudziwa bwanji, kulimbirana pansi pa mapazi athu, kagalu kanatenga mlamba waukulu kuposa onse, womwe ndinati uwu ndi wa apongozi, nkudutsa nawo pansi pa tebulo la majaji ulendo wa panja.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi choti anthu anayamba kubwera kudzafupa. Ndalama kuponya pa steji, ena kundiika m'kolala, mayi wina anandipukuta thukuta ndi mpango wake. A msungichuma anatuluka mu mzere wa matena ali chivinire nkuyamba kutolera zonse m'chipewa, ngakhale za m'kolala mwanga anazisolola akumwetulira. A Kwayamasita ankachititsa nyimbo ndi dzanja limodzi, linalo atagwira pamutu, maso ali pa ine, ndipo maso amenewo sanali a chikondi.

Titatuluka anandikokera kuseri kwa holo, a tcheya ali pambuyo.

"A Besi, chimenechi n'chiyani?"

Ndinati ndi ndiwo za apongozi, aphunzitsi.

"Ndiwo za apongozi pa steji? Mwatichititsa manyazi pamaso pa Nsanje yense. Vulani gauni."

Ndinavula. Fungo lomwe linatuluka mmenemo a tcheya anabwerera m'mbuyo, nkhani ya faindi anaimalizira ali patali.

Zotsatira analengeza dzuwa likulowa. Nambala 3 kwaya ya ku Tengani. Nambala 2, Nchalo! Jaji wa magalasi uja poyankhula anati mawu a matena anali otsika, masopulano anathamanga, liwu lina losayenera linamveka koyambirira ndipo achotsapo mamalikisi, koma luso lobweretsa uthenga m'maso mwa anthu sanalionepo m'mipikisano yonse yomwe waweruza, makwaya ena atengerepo phunziro. A Kwayamasita anapita kukalandira envelopu akugwedeza mutu modzichepetsa, ndipo pa maiki anati ganizoli linawabwerera m'maloto. M'maloto! Ine ndili pamenepo ndi chitenje chonunkha m'manja.

M'chitenjemo munatsala makakana awiri, omwe anakanirira pa mfundo. Ndinafika nawo kunyumba usiku, mayi a kunyumba anawayang'ana, anandiyang'ana ine, anati "Abambo, ndalama yonse ija nsomba ziwiri?" Ndinayamba kufotokoza za Yohane 6. Sanandilole kumaliza, anati Ambuye anayamba ndi ziwiri nkutsala ndi madengu 12, inu mwayamba ndi dengu mwatsala ndi ziwiri, ndiye mawa mukawalalikire amayi nokha. Apongozi anadya makakana awiriwo ndi chisoso, ife ndi ana chisoso chokha, ndipo nkhani anali ataimva kale mu minibasi chifukwa wina anajambula pa foni nkuponya pa WhatsApp. Nthawi yonse ya nkhomaliro ankangonditchula kuti a Andireya.

Lachiwiri ku pulakatisi ndinapempha kuti kwaya indibwezere ndalama ya nsomba kuchokera pa zofupa zija, poti popanda nsomba zanga chipewa chija sichikanadzaza. A msungichuma anatsegula kope lawo nkufunsa lisiti. Lisiti ya makakana pa msika wa Bangula! A tcheya anati faindi ya jumbo ikhalapobe chifukwa lamulo ndi lamulo, ine ndinati sinali jumbo chinali chitenje, tinakangana mpaka mdima, pamapeto anavota kuti faindi achotsa koma gauni ndichape ndekha ndi sopo wanga. Ndachapa, ndaviika mu mandimu, ndayanika padzuwa la Nchalo, amphaka a kwa aneba akubwerabe kudzagona pansi pa chingwe.

Ndiye tsopano kwabwera uthenga wochokera ku Ngabu, kuli ukwati mwezi wamawa, akufuna kwaya yathu ndipo anenetsa kuti nyimbo ya nsomba ija isalephere, ndi nsomba zake zomwe. A Kwayamasita avomera kale. Ndafunsa kuti agula ndani, akuti zimenezo tikambirana. Mayi a kunyumba amva, akuti ulendo umenewo apita nawo, akakhala benchi ya kutsogolo ndi dengu.