Iraklia ndi Iraklio si malo amodzi, ndamva

Popeza alamu anga afalitsa kale nkhaniyi pa WhatsApp ndi mchere wawo, ndiloleni ndiikambe ndekha mwini wake. Inde, ndinawapititsa akunyumba pachilumba cholakwika. Ayi, sindinamwe kalikonse. Chinandigwetsa ndi chilembo chimodzi.

Komwe tinkafuna ndi ku Iraklia, kachilumba ka ku Greece kummwera kwa chilumba cha Naxos, kopanda bwalo la ndege, kokhala anthu osafika 200. Komwe ndinagula matikiti a sitima ndi ku Iraklio, mzinda waukulu wa chilumba cha Crete. Ndinangolemba zilembo zoyambirira pafoni, foni n'kumalizitsa yokha, ine n'kudina. Tikiti itabwera yolembedwa HERAKLION ndinawafotokozera akunyumba ngati mphunzitsi kuti Agiriki amalemba dzina limodzi mosiyanasiyana m'zilembo zathuzi. Zimenezo n'zoona, Iraklia yemweyo ena amamulemba Heraklia kapena Irakleia. Choonadi chimenechi n'chimene chinandipweteka.

Musanaseke, dziwani kuti zina zonse ndinakonza mwaukatswiri. Viza ya Schengen yolowera ku Greece, mayuro 90 munthu mmodzi. Inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000 monga amafunira. Chipinda pa doko la ku Iraklia la Agios Georgios, Loweruka mpaka Lachiwiri m'mawa. Ndalama zogwirika m'thumba, poti pa tizilumba ting'onoting'ono munthu sudalira khadi yokha. Ndinasankhanso September pothawa meltemi, mphepo ya kumpoto yomwe imavuta kwambiri mu July ndi August mpaka kuimitsa sitima zazing'ono. Ndani mwa inu akanaidziwa meltemi?

Lachisanu cha m'ma 9 koloko usiku tinakwera sitima pa Piraeus, doko la ku Athens. Sitimayo inkameza mathiraki ngati mtedza. Ndinati mwina anthu 200 aja amadya kwambiri. Pakati pa usiku akunyumba anandigwedeza: "Abambo, simunati tiima pa Paros ndi pa Naxos kaye?" Ndinayankha ndili chitsinzinire kuti iyi ndi ekisipulesi. Pano ndikudziwa kuti sitima ya ku Iraklia ikachoka pa Piraeus imadzera zilumba zimenezo, ndipo ngati yanu yatha maola asanu osaima paliponse, dzukani mukafunse.

Ndiye kunacha. Cha m'ma 6 koloko ndinatuluka panja ndi kapu ya khofi kuti ndikaone kamudzi kanga ka asodzi. Ndinaona makina onyamulira makontena. Ndinaona linga lamiyala lakalekale pakhomo pa doko, nyumba zosanjikizana mpaka kuphiri, mabasi ali pamzere. Kenako ndege inanyamuka chapafupi, inanso n'kutsatira. Ine phee, khofi m'manja, ndikugwedeza mutu mosirira. Ndinati, "Amayi, taonani chitukuko. Anthu osafika 200, koma aona patali." Sanandiyankhe. Ndinayamba kuwerenga anthu otsika kuti ndidzitsimikizire. Ndinafika 200 tisanachoke pamasitepe. Ndinati awa ndi alendo ngati ife. Ndinafika 600, ndinati kuli ukwati. Ndege yachitatu itadutsa ndinangoti mwina ndi ya amfumu.

Wa takisi ndi amene anaulula. Ndinamuuza kuti atifikitse ku gombe la Livadi, kapena tingoyenda wapansi poti ndinawerenga kuti ndi mphindi 20 kuchokera padoko. Anayang'ana pepala la chipinda chathu, anandiyang'ana ine, n'kuitana mnzake kuti adzaonenso. Kenako analoza nyanja, chakumpoto, dzanja lili m'mwamba nthawi yaitali ngati akutsanzika maliro.

Njira yokonzera cholakwa ilipo, ndipo ndikupatsani mwaulere ngakhale ine ndinaigula modula. Nyengo ya alendo pamakhala sitima yaliwiro yochoka pa Iraklio m'mawa, kudzera Santorini, kukafika ku Naxos. Pa Naxos mumakwera kasitima kotchedwa Express Skopelitis, komwe kamanyamuka 2 koloko masana n'kuyamba ndi Iraklia, ulendo wa pafupifupi ola ndi theka, kenako Schinoussa, Koufonisia mpaka Amorgos. Ndi Ilala yawo ya kumeneko, anthu ndi katundu wa m'magolosale pamodzi. Koma sitima ya m'mawa ija inatisiya ndikukanganabe ndi wa takisi, ndipo Skopelitis sayenda Lamulungu. Werengani nokha: Loweruka tinagona ku Crete, Lamulungu ku Naxos, kwinaku chipinda chathu cholipiriratu chikugona chokha ku Agios Georgios.

Ku Crete ndinayesa kupulumutsa ulemu powatengera akunyumba ku mabwinja akale a Knossos, makilomita 5 okha kuchokera mumzinda, kumene nthano imati kunali njira zosokoneza zoti wolowamo satulukanso. Iwo anangoti, "Mwafika kwanu."

Tinaponda Iraklia Lolemba chakumadzulo. Ndinena zoona, gombe la Livadi ndi lokoma, mchenga wofewa, madzi osaya oonekera pansi, anthu tinalipo asanu ndi awiri. Phanga la Agios Ioannis, lomwe ndinagulira tochi ziwiri ndi nsapato zokwerera mapiri, sitinalione, chifukwa kupita ndi kubwera wapansi kumadya theka la tsiku. Ndinagona pamchenga kuti ndipumuleko mphindi zisanu, ndinadzuka dzuwa litalowa, akunyumba atasambira kale, atajambulanso chithunzi changa chili kukamwa yasa chomwe alamu akuyenda nachocho.

Mwini chipinda anatiuza kuti si ife oyamba kusokoneza maina awiriwa. Ndinamupempha kuti abwereze mawuwo pang'onopang'ono akunyumba akumva, koma iwo anali atapita kale kukapakira zikwama. Tochi zija zikadali m'pepala lake, wofuna anene.