Eni mabogi ndi oyendetsa sitima: zomwe ndatolapo pa malonda a lendi

Mu phunziro la kayendetsedwe ka mtengatenga lomwe ndikuchita kuno ku Lilongwe tafika pa mutu wa makampani omwe amagula mitu ya sitima ndi mabogi n'kumabwereketsa kwa ena pa lendi, eni akewo osayendetsa sitima ngakhale imodzi. Chitsanzo chomwe aphunzitsi amakonda kutchula ndi cha ku Britain. Boma la kumeneko litaganiza zogulitsa British Rail, kampani yake ya sitima, mu 1994 linagawa sitima zonyamula anthu ku makampani atatu omwe poyamba anali a boma, Angel Trains, Eversholt ndi Porterbrook, ndipo makampani oyendetsa sitima anayamba kulipira lendi kwa atatuwa.

Chifukwa chake n'chomveka. Bogi yosamalidwa bwino imagwira ntchito zaka 30 kapena kuposerapo, pomwe chilolezo cha kampani yoyendetsa sitima ku Britain nthawi zambiri chinkakhala cha zaka pafupifupi 7, choncho panalibe wamalonda amene akanalolera kutenga ngongole yaikulu yogulira katundu woti mawa lino chilolezo chikatha adzasowa kopita naye. Mwini mabogi ndiye amasenza chiopsezo chimenechi, ndipo lendi yomwe amalandira ndi malipiro ake. Koma ine sindikhulupirira kuti ku Britain chiopsezocho chinali chachikulu monga amanenera, poti sitima zinali zochepa ndipo wobwereka analibe kwina kopita. Porterbrook inagulidwa ku boma pa mapaundi 527 miliyoni kumayambiriro kwa 1996, ndipo chaka chisanathe kampani ya Stagecoach inaigula pa mapaundi 825 miliyoni. Apa n'zoonekeratu kuti boma linagulitsa motchipa.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri n'chakuti malondawa amayenda pokhapokha ngati mwini angathe kulanda bogi kwa wobwereka amene walephera kulipira n'kukaipereka kwa wina, ndipo pamenepa mpata wa pakati pa zitsulo za njanji ndi nkhani yaikulu. Njanji yathu, yomwe boma linaipereka m'manja mwa Central East African Railways mu 1999, ili ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo zake ziwiri, mofanana ndi za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Njanji zambiri za ku Ulaya zili ndi mpata wa mamilimita 1,435, kotero bogi ya kumeneko singayende pa Kanengo isanasinthidwe mateyala. Ndiye kuti wobwereketsa amene angatiganizire ife ndi yemwe ali kale ndi makasitomala m'chigawo chino, woti katundu akachepa pa njira ya ku Nacala angathe kusamutsira mabogi ake kwina.

Mbali ya malamulo ndi yomwe ndikuivutikirabe kuwerenga. Pangano la Luxembourg Rail Protocol, lomwe linavomerezedwa mu 2007 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2024, linakhazikitsa kaundula wa padziko lonse wolembamo yemwe ali ndi ufulu pa bogi iliyonse, kuti umwini usamasokonekere sitima ikawoloka malire. Kwa dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu, lomwe mabogi ake amadutsa pa Nayuchi kulowa mu Mozambique, funso la yemwe angalande bogi ikakhala kunja ndi lomwe wobwereketsa aliyense adzayambira kufunsa asanatchule mtengo wa lendi.