Masekondi 10 amene anandivula ku Minneapolis

Poti kavidiyo kaja kafika kale pagulu lathu la WhatsApp, bola ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu. Inde, wokwera pampando uja ndine. Koma tamvani kaye.

Panali pa 8 Epulo 2023, fainolo ya Frozen Four, chikho cha hockey ya pa ayezi cha makoleji a ku America. Minnesota imalimbana ndi Quinnipiac ku Tampa, ife tikuonera pa TV kwa makolo a mnzanga ku Minneapolis. Nyumba yonse ya Minnesota, mpaka galu atamuveka sikafu. Chikhochi anachigwira komaliza mu 2003, ndiye njala yake mukuidziwa.

Vuto langa n'lakuti chimene amamenyacho, ati puck, n'kakang'ono ngati chitini cha polishi wa nsapato, ndipo kamathamanga kuposa maso anga. Masewero onse sindinakaone olo kamodzi. Ndinkangoyang'ana eni nyumba: akakuwa ndikuwa, akatukwana ndipukusa mutu. Mpaka 2-0 njirayi inandisunga bwinobwino. Quinnipiac itabweza chimodzi, n'kutulutsa goloboyi chakumapeto, golo n'kutsala pululu, ndinaseka ngati munthu wodziwa mpira. Posakhalitsa 2-2.

Anandiuza kuti nthawi yowonjezera ikayamba, wogoletsa koyamba watenga chikho. Ndinati mpira wakwathu zoterezi zimatenga theka la ola, ndipite kaye kukhitchini ndikawonjezere mapiko a nkhuku.

Masekondi 10, abale. Teni! Ndisanatseke n'komwe poto ndinamva mkuwo. Ndinathamangira kubalaza, pa TV anyamata ataya ndodo ndi magolovesi, aunjikana ngati matumba a chimanga. Matimu onsewa ali ndi chikasu pamitundu yawo, nanga ine ndikanadziwa bwanji? Ndinakwera pampando, phiko la nkhuku m'mwamba, n'kukuwa "Chigoliiii!" kuchokera pansi pamimba. Kenako nthungululu. Ine mwamuna wathunthu, nthungululu yeniyeni ya pachinkhoswe, yaitali, yokhala ndi mchira. Ndinadulirako mpweya n'kuyambanso kachiwiri. Ndili pakati pa yachiwiriyo m'pamene ndinaona kuti nyumba yonse ili zii, agogo agwira kumutu, kamwana kakulira, galu akundiyang'ana ngati ndamubera fupa. Koma nthungululu sungaidule pakati, imafuna itsike yokha, ndiye ndinaitsitsa pang'onopang'ono mpaka inasanduka chifuwa.

Anagoletsa ndi Jacob Quillan wa Quinnipiac, 3-2, chikho chawo choyamba. Mkuwo ndinamva uja unali wa maliro.

Komatu tinene zoona, munthu akakuwa kubalaza sanena kuti ndikukuwa zachisoni. Ndiponso amene anasiya timu ikugoletsedwa zitatu zotsatizana si ine.

Bambo a mnzangayo anangondiuza mofatsa kuti, "Achimwene, mpandowo ndi wa agogo." Ndinatsika. Mapiko aja ndinadyera m'galimoto, ozizira.