Ndaika SSD mu laputopu yanga ya 2010

Ntchito yodzutsa laputopu yanga yakale, yomwe ili ndi purosesa ya Intel Core i5 ya mu 2010, yafika pa gawo limene ndinkaliyembekezera kwambiri, lomwe ndi kuchotsa hard drive, diski yosungira mafayilo yomwe imazungulira, n'kuikamo SSD, diski yosungira mafayilo yopanda kanthu kozungulira m'kati mwake. Nditachotsa fumbi m'fani, makinawa anasiya kutentha, koma kuchedwa kunali komweko, ndipo kanyali kosonyeza kuti diski ikugwira ntchito kankangoyaka osaphethira.

Chimene chinandifulumizitsa ndi lipoti la S.M.A.R.T., njira imene diski imadziyezera yokha thanzi lake. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo inaonetsa chenjezo lachikasu pa mzere wa Reallocated Sectors Count, kutanthauza kuti diski yayamba kupeza malo owonongeka n'kumasamutsira zinthu kumalo ena amene inasungiratu. Chiwerengero chimenechi chikayamba kukwera sichibwereranso m'mbuyo, choncho ndisanagwire sikuluwu ngakhale imodzi ndinakopera zithunzi ndi zolemba zanga zonse pa diski ina yakunja.

Kusinthako pakokha sikunavute. Ndinazimitsa laputopu, kuchotsa chaja ndi batire, ndipo ndinakhudza chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi asawononge zipangizo. Ma diski onse awiri ndi a mainchesi 2.5 ndipo amalumikizidwa pa SATA, polumikizira diski ndi bolodi ya kompyuta, koma amasiyana kuchindikala kwake: yakaleyo ndi ya mamilimita 9.5 pamene SSD ndi ya mamilimita 7. Nditailowetsa inkagwedera m'malo mwake, mpaka nditamata kafelemu ka pulasitiki kotseka mpata wotsalawo. Mpata umenewu ukanyalanyazidwa, kulemera konse kumagwera pa timano tolumikizira, ndipo timeneti tikathyoka pa bolodi ya laputopu, kukonza kwake n'kovuta kwambiri.

Pamene ndinaganizapo nthawi yaitali ndi pa funso lokopera diski yonse monga ilili kapena kuyamba mwatsopano. Pulogalamu ya Clonezilla imagwira bwino ntchito yokoperayi diski ikakhala yabwinobwino, koma kukakamiza diski yodwala kuti iwerenge malo ake onse motsatizana kungaimalize, ndiponso mafayilo amene anawonongeka kale amasamukira limodzi ndi abwino. Ndinasankha kuyamba mwatsopano ndi Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo purosesa yangayi siili pa mndandanda wa amene amaloledwa pa Windows 11. Ndisanaike chilichonse ndinalowa mu BIOS, pulogalamu ya pa bolodi imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa, n'kusintha SATA kuchoka pa IDE, njira yakale yolankhulirana ndi diski, kupita pa AHCI, njira yatsopano, popeza kusintha zimenezi pambuyo pake kumalepheretsa makina ena kuyaka. Ndatsimikizanso kuti TRIM ikugwira ntchito, ndipo Linux Mint imaiyendetsa yokha kamodzi pa sabata kuti SSD izidziwa malo amene fayilo yafufutidwa.

Zotsatira zake zandiphunzitsa kuti nambala yaikulu yolembedwa pa bokosi si imene imapangitsa makina kumveka opepuka. SSD yangayi ingathe kupitirira ma MB 500 pa sekondi, koma laputopuyi ili ndi SATA II, ya 3 Gb/s, imene siingadutse ma MB 300 pa sekondi, kotero pafupifupi theka la liwirolo silikugwiritsidwa ntchito. Komabe kusintha kwake n'koonekeratu. Diski yakale, yozungulira maulendo 5400 pa mphindi, inkafunika kusuntha kamkono kake ndi kudikira kuti mbale izungulire isanapeze fayilo iliyonse, zomwe zimatenga mamilisekondi opitirira 10, pamene SSD imaipeza pasanathe milisekondi imodzi. Poyatsa kompyuta pamawerengedwa timafayilo tambirimbiri tobalalika, ndipo apa ndi pamene phindu lonse lagona. N'chifukwa chake ndikuona kuti pa makina a msinkhu uwu SSD wamba ya SATA ndi yokwanira, ndipo yapamwamba kwambiri singawonjezere chilichonse chomveka m'manja.

Tsopano chimene chikuonekera kuti n'chochepa ndi RAM, memore imene kompyuta imasungiramo mongoyembekezera zinthu zimene ikugwiritsa ntchito, chifukwa ndikatsegula masamba angapo a pa intaneti ma GB 4 amadzaza msanga. Gawo lotsatira ndi kuikamo timitengo tiwiri ta RAM ya mtundu wa DDR3 ta ma GB 4, kenako kufufutiratu diski yakale ija ndisanaitaye.