Mvula ikakupezani m'tinjira ta Melbourne

Nyengo ya ku Melbourne siichedwa kutembenuka. Kungacha bwinobwino, koma pofika masana mphepo yozizira yochokera kunyanja yayamba kale, kenako mvula. Ikakupezani mu Centre Place, kanjira kolumikiza Flinders Lane ndi Collins Street, musavutike kutambasula ambulera. Kanjirako n'kopanikiza, mipando ya ogulitsa khofi yadya mbali zonse, ndipo nsonga za ambulera zimangokola anzanu m'maso. Anthu amangopanikizana m'timashopu, nthunzi ili tolotolo pamakina a khofi, woperekera zakudya akudutsa chammbali mbale zili m'mwamba. Kapu imodzi ndi pafupifupi madola 5 a ku Australia, ndipo malo ambiri amawonjezerapo kangachepe Lamlungu ndi patchuthi. Chokwiyitsa n'chakuti ambiri amatseka cha m'ma 4 koloko madzulo, nthawi imene munthu wayamba kumene kukoma nalo buku.

Tinjirati sanatikonzere alendo. Robert Hoddle atajambula mapu a mzindawu mu 1837, misewu ikuluikulu inali ya mamita 30 m'lifupi, ndipo tinjira tinabwera pambuyo, potulutsira zinyalala ndi kulowetsera katundu kuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake mpaka lero mabini ali pomwepo. Miyala yakuda ya mu Hosier Lane imaterera ikanyowa, choncho valani nsapato zogwira pansi. Zojambula za pakhoma pamenepo zimafufutidwa n'kujambulidwanso kawirikawiri, ndipo masana anthu ojambulitsa amachuluka moti sungaime. Pitani m'mamawa.

Pothawira mvula pabwino ndi laibulale ya State Library Victoria pa Swanston Street, yomwe inakhazikitsidwa mu 1854. Kulowa n'kwaulere. Tram, sitima yoyenda mumsewu, nayonso ndi yaulere pakati pa mzinda, koma mukapitirira malirewo kulowera ku yunivesite ya Melbourne osalipira ulendo, chindapusa chikukudikirani.

Mabuku a pano sabwereketsa, mumawerengera pomwepo. Ngati mumakonda za fizikisi ndi Chibuda, pamashelefu tsatani manambala: 530 ndi fizikisi, 294.3 ndi Chibuda. Ena ali kosungira, ndipo mumachita kuitanitsa mutalembetsa umembala. Chipinda cha La Trobe, chadenga lozungulira la mu 1913, n'chokongola koma chimakokomeza phokoso. Wina akangokhosomola, aliyense amva.

Langizo langa ndi ili: mabuku osakaniza fizikisi ya quantum (ya tinthu ting'onoting'ono ngati maatomu) ndi Chibuda mumphika umodzi asiyeni. Ambiri amangotola mawu ofanana n'kunena kuti Buddha anadziwiratu za maatomu. Tengani awiri osiyana. La fizikisi likhale ndi masamu pang'ono, kuti muone chifukwa chake sizitheka kudziwa ndendende malo a elekitironi (kanthu kakang'ono ka mu atomu) ndi liwiro lake nthawi imodzi. La Chibuda lifotokoze Abhidhamma, imene imagawa zochitika za mumtima m'zigawo 52, monga mkwiyo, nsanje, kukayika ndi kukhala tcheru. Wafizikisi amayeza ndi zipangizo ndipo mnzake angathe kubwereza muyesowo. Mmonke amayang'ana maganizo ake omwe akamabwera ndi kupita. Ntchito zake n'zosiyana, ndipo iliyonse imafuna mutu wake.

Abhidhamma ndi yowuma, kunena zoona, mindandanda yokhayokha. Masamba khumi akukwanirani, kenako tulukani, mutsike ndi Swanston Street n'kukhotera ku Royal Arcade ya mu 1870, yomwe ili ndi denga ngati mvula ikadagwabe.