Dishi ikamakula, diso lake limachepa

Anzanga amene mukuphunzira ntchito yokhoma madishi muno mu Mzuzu, mtima wanga wakhala pansi tsopano pa funso limene linkandizunguza mutu. N'chifukwa chiyani dishi ya masentimita 60 imatha kuonetsa Strength (mlingo wa mphamvu ya signal) yokwera bwino pa dikoda, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, koma chithunzi n'kumadukaduka, pamene ya 90 pakhoma lomwelo, LNB (kachida kolandira signal kamene kamakhala kutsogolo kwa dishi) yomweyo, kebulo yomweyo, ikutulutsa chithunzi choyera? Yankho limene timamva nthawi zonse ndi lakuti dishi yaikulu imatolera signal yambiri. Ndi zoona, koma nkhani sithera pamenepo. Dishi ikamakula, malo amene imaona kumwamba amachepa, ndipo kuchepa kumeneko ndi kumene kumaiteteza ku masetilayiti oyandikana ndi amene mukufuna.

Masamu ake ndi afupi. Tengani utali wa funde, chulukitsani ndi 70, mugawe ndi kukula kwa dishi, zonse m'masentimita. Zimene mwapezazo ndi madigiri a diso la dishi, kutanthauza kukula kwa malo amene imaona kumwamba. Pa Ku band, gulu la ma frequency limene madishi ang'onoang'onowa amalandira, pa 12 GHz, funde ndi lotalika masentimita 2.5. Ndiye dishi ya 60 imaona madigiri 2.9, ya 90 imaona 1.9, ya 120 pafupifupi 1.5. Zili ngati tochi: ina imamwaza kuwala bwalo lonse, ina imalasa pakhomo pokha.

Tsono masetilayitiwo anandandalika pamzera umodzi, makilomita 35,786 pamwamba pa equator, ndipo ambiri anatalikirana madigiri awiri okha. Ku America bungwe la boma loyang'anira za mauthenga la FCC linakhazikitsa mtunda umenewu mu 1983, ndipo lero umapezeka paliponse pamene mzerawo wadzaza. Onani amene timakhoma kuno: SES-5 ali pa 5°E, a Eutelsat amene amanyamula Azam TV ali pa 7°E. Intelsat 20 ali pa 68.5°E, Eutelsat 70B pa 70.5°E, Intelsat 17 pa 66°E. Madigiri amenewa amayezedwa kuchokera pakatikati pa dziko, koma ife tili pamwamba pa dziko, pafupiko ndi masetilayiti, kotero madigiri awiri aja timawaona ngati 2.3.

Apa ndi pamene panandimasula. Mphamvu imene dishi imalandira kuchokera pambali siimazima mwadzidzidzi pamalire a diso, imatsika pang'onopang'ono. Gawani mtunda wa setilayiti yoyandikanayo ndi kukula kwa diso, yankholo mulichulukitse ndi lokha, kenako ndi 12. Mupeza ma dB (muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu ya signal) amene dishi yatsitsa mnansiyo. Ya 60 imamutsitsa ndi 7.5 dB. Ya 90 imamutsitsa ndi pafupifupi 17 dB. Taganizani bwino: kuchoka pa 60 kufika pa 90, signal imene mukufuna imangokwera ndi 3.5 dB, koma chitetezo chimakwera ndi ma dB oposa 9. Phindu lalikulu la masentimita 30 owonjezerawo lili pa zimene dishi yasiya kumva.

Ikani manambalawa pambali pa zimene dikoda imafuna. Transponder (gawo la setilayiti lonyamula gulu la matchanelo) ya DVB-S2 yotumiza m'njira ya 8PSK 3/4 imafuna kuti signal ipose zosokoneza ndi pafupifupi 8 dB kuti igwire, pamene ya QPSK 3/4 imakhutira ndi 4 dB. Mnansi akakhala ndi mphamvu yofanana ndi setilayiti yanu, dishi ya 60 yalephera kale pa 8PSK mvula isanadonthe, chifukwa 7.5 safika pa 8. Ndipo phokoso la mu LNB limaphatikizanso pamwamba. Ngati signal inaposa phokoso ndi 12 dB, mukaphatikiza ndi 7.5 uja mumatsala ndi 6.2 dB. Pa ya 90, 12 uja amakwera ndi 3.5 kufika pa 15.5, ndipo 15.5 ndi 17 akaphatikizana amasiya 13 dB. Kusiyana kwake ndi kumeneko, ndipo Strength siikuuzani chilichonse, chifukwa imawerenga mphamvu yonse yolowa m'kebulo, ya wanu ndi ya mnansi pamodzi.

Sikuti mnansi aliyense amasokoneza ayi. Pamafunika zinthu zitatu zikumane: frequency yofanana kapena yolowana, polarity (kaimidwe ka funde, choimirira kapena chogona) yofanana, komanso kuti mnansiyo akuwalitsa kudera lathu lino. Chimodzi chikasowa, palibe vuto. N'chifukwa chake vutoli lili ndi zizindikiro zakezake. Limagwira ma transponder angapo n'kusiya ena onse ali bwino. Silisankha nyengo, mu Okutobala kukuwomba dzuwa limakhalapo ngati mu Febuluwale. Mvula imatsitsa matchanelo onse pamodzi kenako n'kuwabweza ikakata. Kebulo yolowa madzi imayamba kupha ma frequency apamwamba. Koma Quality (mlingo wa kuyera kwa signal) ikakhala pansi pa transponder imodzi tsiku ndi tsiku, Strength ili m'mwamba, yang'anani amene ali pambali.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi zimene theka la digiri limachita. Dishi ya 60 ikapendekera kwa mnansi ndi 0.5, signal yanu imatsika ndi 0.4 dB yokha, moti kamita kolira kaja sikasintha n'komwe kulira. Koma mnansi uja wasendera kufika pa madigiri 1.8, ndipo chitetezo chagwa kuchoka pa 7.5 kufika pa 4.3 dB. Munthu amatsika pamakwerero ali wokhutira kuti dishi yalunjika, pamene watayapo theka la chitetezo.

Ndipo kuno ku Mzuzu kupendekako kuli ndi mbali yake. Tili madigiri pafupifupi 11.5 kummwera kwa equator ndi 34 kummawa, kotero mzera wa masetilayiti umadutsa pafupifupi pamutu pathu, n'kutsetserekera kummawa ndi kumadzulo. Wa pa 36°E timamuona pa madigiri 76 kuchoka pansi. Wa pa 7°E ali pa 56, wa pa 5°E ali pa 54. Ndiye kuti awiriwa, kwa ife, wina ali pamwamba pa mnzake, kusiyana kwa m'mbali n'kochepa. Mabuku ambiri analembedwa kumayiko akutali ndi equator kumene anansi amakhala kumanja ndi kumanzere, ndiye amalimbikira za kutembenuza dishi cham'mbali. Kwathu kuno bawuti ya elevation, yokwezera ndi kutsitsira dishi, ndiyo ili ndi mlandu. Dishi ya pa 7°E ikawerama pang'ono chifukwa nati inamasuka, kapena bulaketi ikusomphoka pakhoma la njerwa zosawotcha ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, ikuweramira cha kwa wa pa 5°E. Skew, kapotokozedwe ka LNB, nayonso kuno ndi yaikulu, pafupifupi madigiri 66 pa 7°E, ndipo ikaphonyeka polarity inayo imalowerera, ya setilayiti yanu ndi ya mnansi yemwe.

Njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi ya zizindikiro ziwiri. Sankhani transponder yofooka kwambiri, osati yamphamvu. Masulani nati ya elevation pang'ono chabe, kuti dishi iziyenda molimba. Kwezani mpaka Quality ithe, lembani kamzera pa bulaketi. Tsitsani kudutsa pabwino paja mpaka ithenso, lembani kamzera kena. Bwererani pakati penipeni pa timizera tiwirito. Chitaninso chimodzimodzi cham'mbali, kenako pa skew. Pomanga, manganitsani manati mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uku, maso ali pa Quality, chifukwa kumanga nati imodzi mpaka kumapeto kumakoka dishi ndi theka la digiri lomwe lija. Kwa ine, amene wagwira njira imeneyi ndi cholembera ndi sipanala ya 13 angathe kupikisana ndi wa mita yodula. Pamwamba pa diso m'pathyathyathya, simungapamve ndi khutu, koma m'mphepete mumatsika msanga ndipo simunama.

Chimene chimandipweteka ndi kaphunzitsidwe kake. Aphunzitsi ambiri amathera nthawi pa kusenda kebulo ndi kumanga F-connector, zinthu zoti munthu amazidziwa tsiku limodzi, ndipo nkhani ya diso la dishi amangoitchula podutsa kapena osaitchula n'komwe. Maphunzirowo ndi afupi, aliyense akuthamangira kuti akayambe maganyu. Zotsatira zake timaziona: munthu akapeza Quality yotsika amauza mwini nyumba kuti agule LNB ya gain yokwera, yokuza signal kwambiri. LNB imakuza zonse zimene dishi yaipatsa, wanu ndi mnansi mofanana, ndiye ndalama yapita vuto lili pompo. Amplifaya ya m'kebulo ndi chimodzimodzi. Ndipo masamu omwewa akanatithandizanso kumvetsa C band, gulu la ma frequency otsikirapo, popanda kuloweza: pa 4 GHz funde ndi masentimita 7.5, katatu kuposa la Ku, kotero dishi ya mamita 1.8 imaona madigiri 2.9, ndendende ngati ya 60 pa Ku. Ya 2.4 imafika pa 2.2.

Kukulitsa dishi kuli ndi polekezera. Mukadutsa pa 120, mnansi amakhala atatuluka m'diso lenileni n'kugwera m'timaso tam'mbali, ndipo masamu ochulukitsa ndi 12 aja sagwiranso ntchito pamenepo. Chitetezo chimakhala cha ma dB 20 ndi kanthu, ndipo chimadalira kwambiri kuwongoka kwa mbaleyo. Dishi ya 120 imene inapindika pa kabaza kapena pansi pa katundu m'minibasi ingathe kugonja kwa ya 90 yowongoka. Kokani ulusi uwiri mopingasa kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Ukangokhudzana pakati, mbale ili bwino. Ukasiya mpata kapena ukakanikizana, yapindika. Mkono wa LNB ukakhota umachitanso zomwezo. Komanso yaikulu imagwira mphepo yambiri pamene diso lake ndi laling'ono, ndiye chitsulo chake chimafuna simenti, osati misomali pa mtanda wa denga.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikadali kuchisinkhasinkha. Masamu akusonyeza kuti ngati mwini nyumba sangakwanitse ya 90, mutha kupendeketsa ya 60 dala, theka la digiri kuthawa mnansi. Mumataya 0.4 dB, chitetezo n'kukwera kufika pafupifupi 11 dB. Papepala ndi malonda abwino. Koma mbali inayo ikakhalanso ndi mnansi amene akuwalitsa kuno, mwathawa uyu n'kugwera kwa uyo, ndipo mvula ya Mzuzu ikayamba ndi mphepo yake, dishi imene ili kale pambali siichedwa kufika potsetsereka. Kaya nkoyenera kumusiyira munthu dishi yotero, kapena kumuuza mosabisa kuti adikire apeze ya 90, pamenepo maganizo anga sanakhazikike.