Timakina ta 1:50: chimene chimapha mkono, tcheni ndi chitsulo chake

Kamakina kokumbira ka sikelo ya 1:50, kachifaniziro kochepa ka 50 poyerekeza ndi makina enieni, kamalemera ukakanyamula, ndipo kulemerako ndi kumene kumapusitsa anthu. Amayesa kuti poti ndi chitsulo ndiye kuti n'kolimba paliponse. Cat 320 yeniyeni, makina okumbira a kampani ya Caterpillar, ikapindidwa kuti ikwere lole imatalika pafupifupi mamita 9.5, kotero kachifaniziro kake ndi masentimita 19 okha. Pa utali wochepawo pali mapini, masilinda, timagalasi ndi zogwirira zopyapyala kwambiri, ndipo kalikonse kali ndi kafedwe kakekake.

Za sikelo sitichulukitsa. Ngati mukuyamba kumene, khalani pa 1:50, chifukwa ndi pamene makampani monga NZG ya ku Nürnberg, Conrad, WSI ya ku Netherlands ndi Diecast Masters, yomwe imapanga timakina ta Caterpillar, amapangira zambiri. Mukatero chokumbira chanu chidzakwanira pa ngolo ya lole, ndipo tipa idzalingana ndi lodala. Za 1:87 ndi za anthu osunga timasitima, pomwe za Bruder za 1:16 ndi za pulasitiki, zoseweretsa ana, ndipo pa ntchito imeneyo n'zabwino ndithu.

Chitsulo cha timakinati ndi zamak: zinki pafupifupi magawo 96 pa 100, aluminiyamu magawo 4, ndi timagineziyamu pang'ono, nthawi zina ndi mkuwa. Chimathiridwa mu chikombole chili chosungunuka, n'chifukwa chake chimaonetsa ngakhale timitu ta mabauti. Koma sichipirira kupindidwa. Chogwirira chikapindika n'kuti muchiwongole ndi pulaya, kawirikawiri chimangoti phwa! Musachitengerenso kwa owotcherera, pakuti chimasungunuka chisanafike madigiri 400.

Ponyamula gwirani kunsi, m'mbali mwa matcheni, ndi manja onse awiri. Osagwira mkono, osagwira kanyumba ka dalaivala. Potulutsa m'katoni yang'anani kaye pansi, chifukwa ena amamangidwa ndi masikuluwu kapena mawaya. Sikuludilaiva ikhale yaing'ono ya nsonga ya mtanda, saizi PH0 kapena PH00. Yaikulu imadya mutu wa sikuluwu, ndipo mutu ukadyeka ntchito yakula.

Vuto limene aliyense amakumana nalo ndi mkono wogwa. M'masilinda a timakinati mulibe mafuta. Chimene chimagwira mkono m'mwamba ndi kuthinana kwa kandodo konyezimira ndi chibowo chake basi. Mukamakweza ndi kutsitsa kawirikawiri, kapena mukausiya uli m'mwamba miyezi yambiri, kuthinanako kumatha ndipo baketi imayamba kutsika yokha. Apa ena amadonthezera mafuta a mashini osokera poganiza kuti akuthandiza, pomwe akumaliza kugwira kochepa kumene kunatsala, mafutawo n'kuyambanso kukoka fumbi. Choyamba onani ngati pamfundo ya mkono pali sikuluwu. Ngati ilipo, ikhwimitseni pang'ono, kota ya kuzungulira, n'kuyesa. Ngati ndi pini wokhomerera, kwezani mkono mpaka kandodo katuluke konse, kapukuteni ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti osakhudza penti, kenako pakani Cutex wopanda mtundu mopyapyala kwambiri. Usiyeni usiku wonse mkono utachirikizidwa. Mukautsitsa usanaume, silinda imamatirira ndipo poikoka mumazula pini. Ngati sizinakwane, pakani kachiwiri, koma osapaka zokhuthala kamodzi. Ndipo poika m'kabati, baketi igone pansi, monga mmene oyendetsa enieni amaimikira makina akaweruka. Kaimidwe kameneko n'kokongola, komanso masilinda sanyamula kanthu.

Matcheni achitsulo ndi timfundo tolumikizidwa timodzitimodzi, ndipo m'timakina tabwino gudumu lakutsogolo lili ndi sipuling'i yokoka tcheni. Pa galasi kapena pa tebulo loterera sayenda, amangokhukhuluzika, ndipo mukakankha mwamphamvu kamfundo kamamasuka. Yesani pa nsalu. Tcheni ikaduka, kankhirani gudumu lija mkati kuti ikhwepe, lumikizani, kenako lisiyeni libwerere. Matcheni ndi matayala a labala ali ndi vuto lina: amauma n'kung'aluka ndi dzuwa, komanso mankhwala ofewetsa amene ali m'labalamo amadya vanishi, penti ndi pulasitiki ina imene akhudzana nayo nthawi yaitali. Ikani kapepala koyera pansi pake. Tipa yolemera ichirikizeni ndi kathabwa kobisika pansi pa chesesi kuti matayala asaphwatalale.

Tsopano matenda amene alibe mankhwala, amene osunga timakina amawatcha zinc pest. Amayamba ku fakitale, ngati mu zinki munalowa mtovu, kadimiyamu kapena tini, ngakhale pang'ono zedi. Chinyezi chimalowa m'kati mwa chitsulo, chitsulocho n'kumatupa. Penti amatuluka matuza, kenako ming'alu ngati ya dothi la kudambo mu Okutobala, zitseko zimasiya kutsekeka, pamapeto chidutswa chimafumbutuka m'manja. Amapezeka kwambiri m'timakina ta m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, koma aonekanso m'tina ta posachedwapa. Sapatsirana, kotero musaope kuti kodwala kaononga anzake. Guluu kapena penti sangawaletse. Chimene mungachite ndi kuwachedwetsa posunga chinyezi pansi pa 65 peresenti. Kwa amene ali m'mbali mwa nyanja, kapena m'nyumba imene khoma limanyowa nthawi ya dzinja, izi si zachibwana: kabati itseke bwino, italikirane ndi khoma, ndipo muikemo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, tiwiri kapena titatu pa shelefu, n'kumatisintha.

Pomata, sankhani guluu molingana ndi chimene chathyoka. Supaguluu pafupi ndi galasi la kanyumba amasiya chifunga choyera chovuta kuchotsa, choncho pa timagalasi gwiritsani ntchito guluu woyera wa akalipentala, amene amauma mosaoneka. Chitsulo ndi chitsulo chimafuna epoxy wosakaniza ziwiri, mutapala penti pamalo olumikizirapo. Dontho lake mulitenge ndi nsonga ya singano.

Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa ya zodzoladzola, osati nsalu, chifukwa nsalu imakola magalasi oonera kumbuyo. Madzi ayi, popeza mapini ndi masikuluwu ndi achitsulo wamba ndipo amachita dzimbiri. Dzuwa la pawindo limasuwitsa penti wachikasu mbali imodzi yokha.

Pogula kogwiritsidwa kale ntchito, makamaka pa intaneti, pemphani zithunzi zitatu: cha pansi pomwe pali dzina la wopanga ndi sikelo, cha mkono uli m'mwamba wosagwiridwa ndi dzanja, ndi cha pafupi kwambiri cha chitsulo cholemera chakumbuyo ndi mafelemu a matcheni kuti muone ming'alu. Funsaninso za kathumba ka zida zomangirira padera, monga magalasi ndi zogwirira, komanso katoni yake. Popanda katoniyo mtengo umatsika, ndipo kutumiza kireni kapena chokumbira osathyola kanthu kumavuta kwambiri.